ZIPATA ZA MSONKHO PA MISEU YA LUSAKA

1. Ulendo wa ku Kafue

Tsiku lina Loweruka mnyamata wina wa ku Kabwata anadzuka mbandakuca, pakuti amalume ake anamlonjeza kuti adzapita naye ku Kafue kukagula nsomba. Amalumewo anali ndi galimoto yaing'ono yonyamulira katundu. Anadzera mseu wa Burma, nalowa mseu wa Independence, naoloka njanji pa mlatho, nafika pozungulira pa Kafue, pamene pathera mseu wa Cairo. Pamenepo anakhota kuloza kumwera. Anapyola Makeni, napyolanso Chilanga kumene apanga simenti, ndipo atayenda pang'ono anafika pa Shimabala.

Apa mnyamatayo anaona cinthu cacilendo. Denga lalikulu linapingasa mseu wonse, ndipo pansi pace panali tinyumba ting'onoting'ono m'mzere. Pambali pa kanyumba kali konse panali mpiringidzo wochinga njira. Magalimoto ena anaima, eni ace napereka ndalama pa zenera, nadikira chenji ndi risiti. Koma amalume anangoturutsa khadi m'thumba, naigunditsa pa makina. Nyali yobiriwira inayaka, mpiringidzo nudzuka wokha, iwo napita.

Mnyamatayo anadabwa nati, "Amalume, kodi inu simulipira?"

Iwo anaseka nati, "Ndalipira, mwanawe. Ndalama zanga zili m'khadi umu, ndipo makina aja atapapo gawo lao."

"Nanga alipiritsa cifukwa ninji? Kodi mseu si wa anthu onse?"

"Inde ndi wa anthu onse," anatero amalume. "Ngakhale citsime ca m'mudzi ndi ca anthu onse, koma cikagumuka anthu omwewo asonkha kuti acikonze."

Funso la mnyamatayo ndi lalikulu, ndipo Maboma a maiko ambiri abvutika nalo. Tsono phunziro lino lifotokoza cimene mseu ufunira ndalama, ndi umo anthu aphunzirira kuzisonkhanitsa ndi makina.

2. Adani awiri a mseu

Mseu wa phula si dothi lopaka zakuda pamwamba cabe ai. Amisiri ayamba kusalaza nthaka ndi kuitsendereza ndi makina olemera. Pamwamba pace ayala lubwe, kenaka miyala yophwanya, ndipo potsiriza athira phula losanganiza ndi timiyala. Pakati pa mseu akweza pang'ono, ndi m'mbali akumba ngalande, kuti madzi a mvula atsike msanga. Nchito yonseyi idya ndalama zambiri, ndipo siitha tsiku lotsegulira mseu, pakuti mseu uli ndi adani awiri osagona.

Mdani woyamba ndiye madzi. Phula likang'ambika pang'ono, madzi alowa pansi nafewetsa dothi. Galimoto ikapondapo phula liphwanyika, ndipo kadzenje konga mbale kasanduka dzenje longa mtondo mvula isanathe. Anthu a m'Lusaka adziwa bwino zimenezi, cifukwa mzinda wao unamangidwa pa malo a cidikha pamene madzi acedwa kucoka.

Mdani waciwiri ndiye kulemera. Mawilo a galimoto agwiridwa awiriawiri ndi mtanda wa citsulo umene amakanika aucha ekiselo. Kuyambira caka ca 1958 kufikira 1960 amisiri a ku America anamanga miseu yoyesera m'dera la Illinois, nayendetsapo malole olemera mosiyanasiyana usana ndi usiku. Anapeza cinthu codabwitsa. Katundu wotsamira pa ekiselo akawirikiza kawiri, kuonongeka kwa mseu sikuwirikiza kawiri ai, koma pafupifupi ka 16, ndiko kunena 2 x 2 x 2 x 2. Cotero lole imodzi yodzaza mkuwa kapena simenti iononga mseu koposa magalimoto ang'ono zikwizikwi. Ici ndico cifukwa cace lole ilipira zambiri pa cipata, ndi cifukwa cace Boma liyesa malole pa sikelo.

Dziko la Zambia lilibe nyanja ya mcere. Mkuwa wace upita pa mseu kunka ku madooko a Dar es Salaam, Beira, Durban ndi Walvis Bay, ndipo mafuta, feteleza ndi makina zibwera pa miseu yomweyo. Malole enanso angodutsa, kucokera ku Chirundu kapena ku Nakonde kunka ku Kasumbalesa pa malire a Congo. Malole otere apondereza miseu ya Zambia ngakhale eni ace akhala kutali. Kukadapanda msonkho wa pa njira, mlimi wa ku Chongwe amene alibe ndi njinga yomwe akadalipirira yekha zoononga alendo.

3. Msonkho wa pa njira si wa lero

Makolo akale analinso ndi njira zao zolipirira ulendo. Munthu wofuna kuoloka Luangwa kapena Kafue anapatsa mwini bwato nkhuku, ufa kapena mkanda. Mfumu ikalamula, anthu a m'mudzi anaturuka ndi makasu kukalambula njira. Iwo analipira ndi thukuta lao, osati ndi makobili.

Ku England cipata ca msonkho cinaikidwa ndi lamulo m'caka ca 1663, pa mseu wocokera ku London kunka kumpoto. Dzina la mseuwo ndilo Great North Road, monga mseu wocokera ku Lusaka kunka ku Kabwe. Mlonda anakhala m'kanyumba pambali pa njira, natsegulira ngolo ndi akavalo atalandira makobili. Zipata zotere zinacuruka m'dziko lonselo, kufikira sitima za pamtunda zinadza nkulanda katundu wa ngolo.

Koma cipata ca mlonda cili ndi zobvuta zitatu. Coyamba, galimoto iyenera kuima, ndipo magalimoto akacuruka mzere utalika. Caciwiri, galimoto yoima injini ili kulira itentha mafuta pacabe. Cacitatu, ndalama zodzera m'manja ambiri sizifika zonse kumene zinatumidwa. Pofuna kuthetsa zitatu izi, amisiri anayamba kuphunzitsa makina nchito ya mlonda.

4. Makina alowa m'malo a mlonda

Pali njira zinai zimene makina alandirira msonkho.

Yoyamba ndiyo khadi, monga ya amalume aja. Mwini wace aikamo ndalama asanayambe ulendo. M'kati mwa khadi muli kacitsulo kakang'ono kosunga nambala yace. Makina a pa cipata awerenga nambalayo, nacotsa msonkho pa ndalama za mwini wace, nalemba tsiku ndi ora. Galimoto iima ndithu, koma kanthawi kocepa cabe.

Yaciwiri ndiyo kabokosi komata pa galasi la kutsogolo. Kameneka kalankhulana ndi makina a pa cipata ndi mafunde a wailesi, amene maso saona. Galimoto ikayandikira, makina afunsa, kabokosi nkuyankha ndi nambala yace, ndipo zonse zitha munthu asanaphethire. Mzinda wa Ålesund ku Norway unayamba njira imeneyi m'caka ca 1987. Ku Singapore, m'caka ca 1998, anayamba kulipiritsa ndi makina popanda mpiringidzo. Anaimika mitanda ya citsulo pamwamba pa miseu, ndipo magalimoto angopita pansi pace osaima. Kumeneko msonkho ukwera pa nthawi imene miseu yadzaza, nutsika pamene magalimoto acepa, kuti amene alibe cangu asankhe ora lina kapena akwere basi.

Yacitatu ndiyo kamera yowerenga nambala ya galimoto. Kamera ijambula cithunzi, ndipo kompyuta izindikira malemba ndi manambala monga mwana wa sukulu awerenga pa bolodi. Kenaka ifunafuna dzina la mwini galimoto m'kaundula wa Boma. Mzinda wa London unayamba kulipiritsa cotero m'caka ca 2003, magalimoto olowa pakati pa mzinda masana.

Yacinai ndiyo makina ozungulira dziko kumwamba, amene achedwa setilaiti. Kuyambira caka ca 2005 malole akulu a ku Germany anyamula kabokosi kodziwa malo pamene lole ili. Kabokosiko kawerenga mtunda umene lole yayenda pa miseu yaikulu, ndipo mwini wace alipira monga mwa makilomita.

5. Zipata za m'Zambia

M'caka ca 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mabungwe atatu. Road Development Agency limanga ndi kukonza miseu. National Road Fund Agency lisunga thumba la ndalama za miseu. Road Transport and Safety Agency liyang'anira magalimoto ndi oyendetsa ace. Ndalama za m'thumba lija zinali kucokera ku msonkho wa mafuta, ku malaisensi, ku Boma ndi ku maiko othandiza, koma sizinakwanire. Tsono m'caka ca 2011 anapanga lamulo la msonkho wa pa miseu.

Nchito inayamba mwezi wa November 2013. Poyamba analipiritsa malole olemera kupitirira matani 6.5, pa masikelo ndi pa malire a dziko. Mwezi wa January 2016 anatsegula zipata ziwiri zolipiritsa magalimoto a mitundu yonse: ca Manyumbi pakati pa Kabwe ndi Kapiri Mposhi, ndi ca Kafulafuta pakati pa Kapiri Mposhi ndi Ndola. M'caka ca 2017 zipata zinafika pafupi ndi Lusaka, ndipo pa nthawiyo galimoto yaing'ono inali kulipira K20.

Munthu akayang'ana pa mapu aona kuti miseu inai yaikulu ituruka m'Lusaka, ndipo uli wonse unalandira cipata cace. Kumpoto kuli Katuba, pa mseu wa ku Kabwe. Kumwera kuli Shimabala, pa mseu wa ku Kafue. Kum'mawa kuli cipata ca Chongwe, pa Great East Road wonka ku Chipata. Kumadzulo kuli cipata ca Mumbwa, pa mseu wa ku Mongu. Pa zipata izi munthu akhoza kulipira ndi ndalama kapena ndi khadi, ndipo khadiyo aidzaza ku banki kapena pa foni. Makamera ndi makina owerenga alemba galimoto ili yonse yodutsa, kuti ciwerengero ca magalimoto cilingane ndi ndalama zolandiridwa.

Opanga malamulo anakumbukiranso anthu okhala pafupi ndi cipata, amene adutsapo tsiku ndi tsiku popita kumunda, ku cigayo kapena ku cipatala. Iwowa akalembetsa alipira zocepa. Ngakhale ku Malawi anatsata njira yomweyi: cipata ca Chingeni pa mseu wa M1 cinatsegulidwa m'caka ca 2021, ndi ca Kalinyeke ku Dedza m'caka ca 2022.

Msonkho wa pa cipata ukhozanso kumanga mseu watsopano. M'caka ca 2023 Boma linapangana ndi gulu la makampani lochedwa Macro Ocean Investment Consortium kuti likuze mseu wa Lusaka ndi Ndola, wa makilomita 327, ukhale wa mbali ziwiri, yopita ndi yobwera. Pangano ndi la zaka 25. Makampaniwo afuna okha ndalama zomangira, ndipo abweza ndalama zao pa msonkho wa pa zipata. Nchito yomanga inayamba m'caka ca 2024.

6. M'kati mwa mzinda

Bvuto la m'kati mwa Lusaka ndi lina. Mzindawu unasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, pamene anthu ace anali ocepa ndi magalimoto owerengeka. Pa kalembera wa 2022 anthu a m'boma la Lusaka anapitirira 2 miliyoni. M'mawa muli monse a ku Chelstone atsika ndi Great East Road, a ku Woodlands ndi a ku Kabulonga adzera ku Longacres kapena mseu wa Independence, a ku Kabwata akwera mabasi ang'onoang'ono, ndipo onsewa aloza malo amodzi pa ora limodzi. Munthu wocokera ku Chelstone akhoza kutha nthawi yaitali pa njira imene usiku aiyenda mphindi zocepa. Mwana acedwa ku sukulu, mlembi acedwa ku nchito, ndipo galimoto yonyamula wodwala ilira pacabe pakuti palibe popatukira.

Njira ina yothandizira ndiyo kumanga. Kuyambira 2018 kufikira 2021 kampani ya ku India yochedwa Afcons inakuza miseu ina ya mumzinda, nimanga milatho inai yodutsa pamwamba pa miseu inzace: pa Makeni, pa Arcades, pa Munali ndi pa Longacres. Koma mzinda sungathe kumanga milatho masiku onse, pakuti malo ndi ocepa, ndipo mseu ukakula magalimoto acurukanso.

Njira inzace ndiyo kupatsa mseu maso, kuti miseu imene ilipo kale igwire nchito bwino. Nyali za pa mphambano, zimene anthu azicha maloboti, ndizo ciyambi cace. Loboti wamba asintha nyali pa nthawi yoikika, ngakhale mbali ina kulibe galimoto. Koma m'mizinda ina aika waya pansi pa phula kapena kamera pamwamba, zowerenga magalimoto odikira. Tsono kompyuta ipatsa nyali yobiriwira nthawi yotalikirapo ku mbali imene mzere watalika, niuzanso maloboti a kutsogolo kuti akonzeke. Zikwangwani za magetsi zicenjeza oyendetsa za ngozi imene ili patsogolo. Ndiponso mapu a pa foni aonetsa mseu wodzaza ndi mzere wofiira, cifukwa mafoni a anthu okhala m'magalimoto auza kompyuta liwiro limene ali kuyenda nalo. Zonsezi pamodzi amisiri azicha mayendedwe a nzeru, pakuti mseu uona, nuwerenga, nuuza anthu cocita.

Lusaka analawako zimenezi m'caka ca 2018, pamene makamera oyesa liwiro anaikidwa pa miseu ina ya mumzinda. Kamera yotere siigona, siikwiya, ndipo siilandira ciphuphu. Koma makina onsewa afuna magetsi osazima ndi amisiri owakonza. Magetsi akazima loboti akhala mtengo wouma cabe, ndipo wapolisi aimanso pakati pa mphambano ndi manja ace monga kale.

7. Cimene makina sangathe

Ku South Africa kunacitika nkhani yoyenera kuikumbukira. Boma linakuza miseu yaikulu ya Johannesburg ndi Pretoria ndi ndalama za ngongole, niliimika mitanda ya makina pamwamba pace. Mwezi wa December 2013 linayamba kulipiritsa. Makinawo anali abwino ndithu, ndipo anawerenga magalimoto osaphonya. Koma anthu ambiri anadandaula kuti sanafunsidwe mokwanira, kuti mtengo unali waukulu, ndi kuti miseuyo ndi imene apitira ku nchito tsiku ndi tsiku. Tsono ocuruka anakana kulipira. Patapita zaka khumi Boma linagonja, ndipo mwezi wa April 2024 linaleka kulipiritsa.

Nkhani imeneyi iphunzitsa kuti msonkho uima pa miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi wa oyenda pa mseu. Akulu anati, walira mvula walira matope. Wofuna mseu wosalala alolenso kusonkha, ndipo asalambalale cipata pa njira za m'chire, kapena kusenzetsa lole katundu wopyola muyeso. Mwendo waciwiri ndi wa osunga thumba. Iwo ayenera kuuza anthu poyera ndalama zimene zalowa ndi miseu imene zakonza. Ayeneranso kukumbukira kuti msonkho sukhala pa cipata pokha. Mwini basi auika pa mtengo wa ulendo, mwini lole auika pa thumba la ufa, ndipo potsiriza ufika kwa mai wogula tomato pa msika wa Soweto. Ayeneranso kusunga bwino zimene makamera alemba, pakuti makina odziwa kumene munthu wapita ndi ora limene wabwera asunga cinsinsi ca munthuyo.

Madzulo mnyamata uja ndi amalume ace anabwerera ndi nsomba zao. Pa Shimabala amalume anagunditsanso khadi, ndipo makina anaturutsa risiti. Iwo anaipinda bwino naiika m'kabuku kao.

Mnyamatayo anati, "Amalume, kapepala aka musungiranji? Mpiringidzo watseguka kale."

Amalume anayankha nati, "Kameneka ndi mboni yanga, mwanawe. Ine ndacita mbali yanga. Tsiku limene ndidzapeza dzenje losakonzedwa pa mseu uno, ndidzakhala ndi pakamwa pofunsira kumene ndalama zanga zinapita. Iwenso ukadzakula, uzilipira, ndipo uzifunsa."

MAU OYENERA KUWADZIWA

Mpiringidzo: mtengo kapena citsulo cochingira khomo kapena njira.
Ekiselo: mtanda wa citsulo wogwira mawilo.
Kaundula: buku la Boma lolembamo maina.
Dooko: malo pamene zombo zikoceza ndi kutsitsa katundu.
Ciphuphu: mphatso yoipa yopatsa wa nchito kuti aphwanye lamulo.

MAFUNSO

1. Chulani adani awiri a mseu, ndipo fotokozani umo dzenje liyambira.
2. Cifukwa ninji lole ilipira zambiri koposa galimoto yaing'ono?
3. Kodi cipata ca mlonda cili ndi zobvuta zanji?
4. Fotokozani kusiyana kwa khadi ndi kabokosi ka pa galasi.
5. Chulani zipata zinai za pa miseu yoturuka m'Lusaka.
6. Cifukwa ninji anthu a ku Johannesburg anakana kulipira?
7. Kodi munthu wopanda galimoto alipira msonkho wa pa cipata? Fotokozani.

NCHITO

(a) Jambulani mapu a Lusaka ndi miseu yace inai yaikulu. Lembanipo zipata, ndi malo a Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga.
(b) M'caka ca 2017 munthu wina anapita ku Kafue ndi kubwera kamodzi pa sabata, nalipira K20 popita ndi K20 pobwera. Analipira zingati pa masabata 52?
(c) Katundu wa pa ekiselo akawirikiza katatu, mseu uonongeka kangati? Werengani 3 x 3 x 3 x 3.
(d) Pamodzi ndi aphunzitsi anu, imani patali ndi mseu wa pafupi ndi sukulu kwa mphindi 15. Werengani malole, mabasi, magalimoto ang'ono ndi njinga, ndipo lembani ciwerengero ca mtundu uli wonse m'mabuku anu.